Pampu ija sinafe

Mukatsata Jules Street kuchokera ku Jeppestown kulowera ku Malvern, maso sapuma. Uku ogulitsa galimoto zoyendapo kale, uku ogulitsa zitsulo za galimoto zophwasulidwa, uku owongola zopindika pa ngozi. M'timisewu topatuka mwadzaza amakaniko opanda galaja, amene chuma chawo chonse ndi chikwama cha masipanala ndi katoni yoyala pansi akamalowa kunsi kwa galimoto. Pa kona ina ya kumeneko pali mayi wogulitsa tiyi ndi magwinya, mandasi a kuno aja aakulu ngati chibakera. Loweruka ndikaweruka ku ntchito yanga ya usiku ndimayamba ndakhala pamenepo, chifukwa ndi amodzi mwa malo a mu Johannesburg muno pamene Chichewa ndi Chiyao zimamveka kuposa Chizulu. Munthu umamwa tiyi uku ukumva za kumudzi: mtengo wa chimanga, amene watisiya, amene wamanga ya malata.

Loweruka limene ndikunenali munali mu July. Chisanu cha ku Joni mukuchidziwa, chija cholowa m'mafupa, choti m'mawa udzu umayera ngati wawazidwa ufa. Tsidya la msewu, moyang'anizana ndi tebulo la mayi wa tiyi, panaima Land Cruiser yoyera ya mtundu wa 80, nambala yake ya kwathu, boneti ili yasa. Kumbuyo inali ndi thirela yodzaza mpaka pakamwa, atayikuta ndi tenti ya buluu n'kuizenga ndi zingwe. Inali itagona pamenepo masiku anayi.

Mwini wake ndi bambo wa ku Namwera, mmodzi wa anthu aja timawatcha matransipota. Ntchito yawo ndi kutolera katundu wa ife ogwira maganyu kuno n'kukamutula kumudzi. Mabasi alipo, koma basi imakutsitsirani katundu ku Blantyre kapena ku Lilongwe, kwinako muone nokha. Bamboyu amakafika pakhomo penipeni, ku Katuli, ku Makanjira, kumene mchenga ndi matope a dzinja zimabweza galimoto zazing'ono. N'chifukwa chake amakakamira chigalimoto chakalechi. Kungofika ku Blantyre kokha ndi makilomita oposa 1,700: msewu wa N1 kudutsa Polokwane ndi Musina, kuwoloka pa Beitbridge, kudzera Masvingo ndi Harare, kutulukira pa Nyamapanda, kuwoloka Zambezi pa Tete, kenako Zobue ndi Mwanza. Galimoto yotsokomola siyenera kuuyamba ulendo wotere.

Eni katundu anali atayamba kusonkhana. M'thirelamo munali thukuta la anthu: njinga, masola, matiresi, zigubu za mafuta ophikira, makatoni olembedwa mayina a midzi. Mayi wina wovala yunifolomu ya ntchito za m'nyumba pansi pa jekete ndiye anayamba.

"Achimwene, munati munyamuka Lachiwiri. Lero ndi Loweruka. Bulangete lili m'menemo ndi la amayi anga, akudwala, ndipo kumudzi nako kukuzizira. Akundiimbira tsiku ndi tsiku. Ndiwauze chiyani?"

"Achemwali, ndalama yanu sindinadye ayi," anayankha mwini galimoto, nkhope itagwa. "Galimotoyi ikulira, koma ikangoyenda pang'ono ikuzima. Dzulo yandizimira pa maloboti, mathekisi akundiimbira mahutala ngati ndapha munthu. Mukufuna ikandizimire pakati pa Musina ndi Masvingo usiku, ndi katundu wanu?"

Mayiyo sanayankhe. Anangopinda manja n'kutsamira khoma.

Amene ankaikonza ndi mnyamata wa ku Dedza, wa zaka zosapitirira 25, wolimbikira ntchito, woti ndakhala ndikumuona akugona pansi pa galimoto chisanu chili tsetsetse. Anali atasintha batire. Anali atasintha mahita, mapulagi aja amatenthetsa injini ya dizilo m'mawa. Anali ataikamo sefa yatsopano ya dizilo. Zonsezi ndalama inatuluka, matenda osasuntha. Tsopano anali atafika pa chigamulo chimene mwini galimoto aliyense ya dizilo amachiopa.

"Bwana, pampu yafa. Tiichotse tipite nayo kwa akatswiri ku Booysens, apo ayi tikasake yogwirapo kale kwa ophwasula. Palibenso china."

Atatchula mtengo wake, mwini galimoto anakhala pansi m'mphepete mwa msewu. Ndinamumva akudziyankhulira kuti imeneyo ndi phindu la maulendo atatu, ndipo m'thumba mwake munali ya dizilo ndi ya m'magetimu basi.

Galimoto ikafa pa kona, aliyense amasanduka dokotala. Wina anati athire petulo pa chiguduli atseke nacho polowera mpweya, ilira nthawi yomweyo. Wina anati pali amene wamuchita nsanje, ayambe waimbira foni kumudzi. Bambo wina wa ku Chipata, amene ali ndi Pajero ya petulo, anagwada pafupi ndi tayala la kumbuyo n'kuika khutu pa thanki.

"Tapotokolani kiyi. Mwamva? Zii! Yanga ija ikakhala bwino imalira ngati njuchi m'thankimo. Ikapanda kulira ndimayang'ana fyuzi, kenako rileyi. Apa pampu ya m'thanki yapsa."

Pambali panga panakhala madala ena ovala ovololo yofwifwa ndi chipewa cha ubweya, kapu ya tiyi ili m'manja onse awiri. Ndimawaona kawirikawiri koma sayankhulayankhula. Anthu amati kwawo ndi ku Ntcheu, anabwera kuno ali kamnyamata pa Wenela, anzawo atabwerera iwo anatsala, ndipo moyo wawo wonse anathera pa injini za malole. Atamva za njuchi ya m'thanki anaika kapu pansi.

"Zimene mukunenazo n'zoona, bambo, koma n'za galimoto yanu ya petulo. Iyi m'thanki mwake mulibe pampu ya magetsi. Mungamvetsere mpaka mawa."

Anadzuka pang'onopang'ono, mawondo akulira, n'kuwoloka msewu. Ine ndinanyamula tiyi wanga n'kuwatsatira, ndipo sindinali ndekha.

Injini ya galimotoyi ndi ija amaitcha 1HZ, ya malita 4.2, masilinda 6, imene Toyota inayamba kupanga mu 1990. Ndi yomweyi mumaimva ikulira m'maambulansi ambiri a Land Cruiser kwathu. Ilibe thebo, ilibe kompyuta. Pampu yake ndi imodzi, yozungulira, ya Denso yopangidwa potengera ya Bosch yotchedwa VE, ndipo imagwira ntchito zonse yokha: kuyamwa dizilo kuchokera ku thanki kumbuyoko, kumupanikiza, n'kumugawira ku manozo 6 aliyense pa nthawi yake. Madala aja sanaikhudze n'komwe. Anayamba ndi mafunso kwa mwini galimoto, ngati sing'anga wabwino asanatulutse mankhwala.

"Mwanawe, ikazima, ukadikira imaliranso?"

"Eya madala. Pakapita mphindi khumi, ndikapopa apa pamwamba pa sefa, imalira."

"Imazima kamodzin'kamodzi ngati wathimitsa ndi kiyi, kapena imayamba yafooka?"

"Imayamba yafooka. Ndikaponda mafuta siyankha, imatsokomola, utsi woyera, kenako zii."

"Ikatentha, ukaithimitsa wekha, imavuta kulira?"

"Ayi, imeneyo ndiye ayi."

Madala anagwedeza mutu n'kutembenukira kwa mnyamata wa ku Dedza. Sanamunyoze, ndipo ndinawalemekeza pa chimenecho.

"Mphwanga, tamvera. Pampu yotha ilipo, ndaziona zambiri. Chizindikiro chake n'chakuti injini ikatentha imakana kulira, ukathira madzi ozizira pamutu pa pampu imalira. Iyi sikutero. Iyi ikulira bwino, kenako ikufooka, ikapuma ikudzuka. Wakufa sadzuka pakapita mphindi khumi. Wanjala ndiye amadzuka ukamupatsa phala. Tiyeni tione amene akuimana chakudya."

Anayamba ndi chotchipa kwambiri. Pa pampupo pali kachitsulo kolowa waya mmodzi, solenoidi, kamene kamatsegulira dizilo njira kiyi akapotokoledwa ndipo kamatseka mukathimitsa. Madala anaikapo chala. "Potokola. Bweza. Potokolanso." Kanalira thi, thi, nthawi zonse. Anagwedeza waya uja uku ndi uku, sanali wolendewera. Kenako anapita kumbuyo n'kutsegula chitsekerero cha thanki pang'onopang'ono, khutu lili pompo. Anati thanki imapuma ngati munthu. Kabowo kake kopumira kakatsekeka, dizilo akamachepa m'katimo mumakokana, pampu n'kulephera kuyamwa, ndipo mukatsegula mumamva fuu. Sipanamveke kanthu.

"Mayi, tibwerekeni botolo loyera, lopanda kanthu."

Mayi wa tiyi anatsuka botolo la chakumwa n'kulipereka. Pansi pa sefa ya dizilo pali kotsegulira madzi, chifukwa madzi ndi olemera kuposa dizilo ndipo amadikha pansi. Madala anamasula, anapopa kangapo, zinthu n'kuyamba kutsikira m'botolo. Analikweza m'mwamba kuloza ku dzuwa kuti tonse tione. Pamwamba panali dizilo. Pansi panali madzi okwana zala ziwiri, ofiirira ngati a m'chithaphwi, ndipo pakati pa ziwirizi pankayandama tinthu takuda tonanda ngati ndere.

"Sefayi waika liti?"

"Lachitatu, madala."

"Masiku atatu, galimoto yosapita patali n'komwe, yamwa kale zonsezi. Ndiye m'thankimo muli chiyani?" Anathira kadontho ka dizilo uja pa chala, anafikisa ndi chala chachikulu, ananunkhiza. Kenako anamuyang'ana mwini galimoto m'maso. "Dizilo umathira kuti? Usandibise, ine si wapolisi."

Bamboyo anayang'ana pansi. Anati kwathu mafuta atasowa, mizere ya galimoto ikugona pa mafilingi siteshoni, iye sakanadikira. Anagula wa m'zigubu kwa anyamata a m'mbali mwa msewu. Anati ku Mozambique nako amathira wa m'zigubu akaona kuti watchipa. Ndipo kuno ku Joni, sabata yathayo, wina anamulozera ku yadi ina kumene dizilo ndi wotsika mtengo kuposa kwina kulikonse.

Pamenepa madala anakweza mawu koyamba. Anati dizilo weniweni ukamufikisa pa zala amaterera, uyu akuuma msanga ndipo akununkha nyali ya koloboyi. Anati pampu ya mtundu umenewu ilibe oyilo wakewake. Zitsulo zake zonse zimasambira mu dizilo yemweyo, ndiye amene amazifewetsa. Mukamusakaniza ndi palafini, zitsulo zimayamba kudyana zokha mwakachetechete. Mukawonjezapo madzi, dzimbiri limalowa malo oti ngakhale tsitsi silingalowe.

Zimene ankanenazo si nthano za pa kona. Mu January 2024 unduna woona za migodi ndi mphamvu m'dziko muno unalengeza kuti mafilingi siteshoni 70 anapezeka akugulitsa dizilo wosakaniza ndi palafini. Chimene chimakopa akuba ndi msonkho: palafini wa nyali ndi mbaula salipitsidwa misonkho imene ili pa dizilo, choncho ndi wotchipa, ndipo wosakanizayo amadya kusiyanako. Ngati zinapezeka pa malo okhala ndi chikwangwani ndi chiphaso, kuli bwanji ku yadi ya mpanda wa malata? Ndipo ine ndikaona munthu wa m'badwo wa Wenela akupsa mtima ndi mafuta osakaniza, ndimakumbuka 4 April 1974, tsiku limene ndege yonyamula anthu a ku migodi inagwa itangonyamuka ku Francistown n'kupha Amalawi oposa 70, ngozi imene inachititsa Kamuzu Banda kuletsa Wenela kulemba anthu kwathu. Ofufuza anapeza kuti mafuta a ndegeyo anali atasakanikirana ndi a mtundu wina. Madala sanaitchule nkhaniyi. Ndine amene ndinaikumbukira, nditaima pamenepo ndi kapu yozizira m'manja.

"Ndiye kuti pampu yathadi?" anafunsa mwini galimoto, mawu akunjenjemera.

"Sindinatero. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mphwanga, thamangira pa shopu apo ukagule kapaipi koonekera m'kati, kotalika ngati mkono. Iwe tenga chigubu choyera, ukagule malita 5 pa filingi siteshoni yeniyeni."

Kapaipi katabwera, anakalumikiza pakati pa sefa ndi pampu. Anapopa mpaka kanadzaza, injini n'kulira. Tonse tinawerama, mitu kugundana. Poyamba dizilo ankayenda bwinobwino. Kenako kanatulukira kathovu kamodzi, kakang'ono ngati njere ya therere. Kenako kena. Madala anakoka waya wa mafuta kuti injini ikwere, ndipo timathovu tija tinasanduka mkanda, kenako thovu lokhalokha ngati la sopo. Injini inayamba kudzigwedeza, utsi woyera kutuluka kumbuyo, n'kuzima.

"Mwaona? Ikumwa mpweya."

Mnyamata wa ku Dedza anatsutsa, ndipo anatsutsa mwanzeru. "Koma madala, ndayang'ana mapaipi onse, palibe pamene pakudontha. Pansi pali gwa, pouma."

"Sipangadonthe. Kuchokera ku thanki kufika pa pampu dizilo sakankhidwa, amayamwidwa. Tenga bango uboole pambali, uyese kumwera madzi. Madzi satulukira pa bowolo ayi, mpweya ndiye umalowa, iwe n'kumangomva fwoo m'kamwa. Apa ndi chimodzimodzi. Ndipo kumapeto kwa bangolo kukatsekeka, ukamakoka mwamphamvu, mpweya umalowa wochuluka. Ine ndikuona ngati tili ndi akuba awiri, wina wabowola, wina watseka."

Tsopano anafika pa mayeso amene anathetsa mkangano wonse. Anachotsa paipi yochokera ku sefa, n'kuika ina yochokera m'chigubu cha dizilo woyera uja kulunjika ku pampu. Paipi yobweza dizilo wotsala anailowetsanso m'chigubu momwemo, kuti asathawire ku thanki. Apa ndiye kuti thanki, mapaipi akale ndi sefa zonse zaikidwa pambali. Zatsala pampu ndi manozo zokha. Anamasula pang'ono manati awiri a pa manozo, sitata inazungulira mpaka dizilo anatuluka wopanda thovu, anamanganso. Injini inalira.

Inalira mphindi zisanu. Inalira mphindi khumi. Madala anaikweza, anaitsitsa, anaikwezanso, iyo osaphethira. Anthu amene anali atayamba kubalalika anabwerera. Mwini galimoto anayang'ana wotchi ya pa foni, anati theka la ola lakwana, chinthu chimene sichinachitike sabata yonseyo. Mayi wa bulangete uja anachoka pa khoma paja n'kubwera kudzaima pafupi.

"Pampu yako ili moyo," anatero madala. "Ukanaichotsa, ukanalipira ndalama zonse zija, n'kubwera kudzaimangirira pa matenda omwewa."

Ndinamuyang'ana mnyamata wa ku Dedza. Manyazi anamugwira, inde, koma sanachoke. Anavula jekete n'kufunsa kuti, "Ndiyambire pati, madala?" Ndikunena mosabisa kuti mnyamata ameneyu adzakhala makaniko weniweni. Vuto la anyamata athu ambiri pa Jules Street si ulesi kapena umbava. Anaphunzira ntchito poona, palibe anawakhazika pansi n'kuwauza njira imene dizilo amayenda, ndipo mwini galimoto akaima pamsana pawo akufuna yankho lero lomwe, amatchula chitsulo chachikulu chimene akuchidziwa dzina. Ndalama yake imachoka m'thumba la transipota, transipota amakweza mtengo wa katoni, ndipo wolipira pomaliza ndi mayi wochapa zovala za anthu ku Bedfordview.

Wakuba woyamba anapezeka msanga. Kopopera ka pamanja ka pamwamba pa sefa kali ndi labala m'kati, ndipo labala wa zaka zoposa 25 anali atauma n'kung'aluka. Madala anatseka polowera ndi chala, anapopa, kopopera kaja kanabwerera m'mwamba kokha m'malo mokhala pansi. Mutu wina wa sefa unapezeka kwa ophwasula galimoto pamtunda pang'ono, pa mtengo woti bamboyo anatulutsa m'thumba osadandaula. Paipi ya labala yochokera kunsi nayo inali ndi timing'alu pafupi ndi chomangira. Anaidula n'kuika yatsopano.

Wachiwiri ndiye anatidyera tsiku. Anayamba akhuthulira dizilo yense m'zigubu, kenako anyamata atatu analowa kunsi n'kutsitsa thanki, mmodzi maso ali ku msewu, chifukwa kukonzera galimoto pamsewu malamulo a mzinda salola. Atatsegula pamwamba n'kusolola kapaipi koyamwira, kasefa ka kumapeto kwake kanali katamatidwa ndi matope akuda. Madala anawalitsa tochi ya foni m'thankimo, anapinda kawaya ngati mbedza, anawedza kwa kanthawi. Chimene chinatuluka ndi kachidutswa ka jumbo yakuda, kokula ngati chikhatho cha mwana, kofewa, koterera.

Mwini galimoto anagwira pakamwa. Aliyense wa ife amene anagulapo mafuta a m'zigubu anakazindikira nthawi yomweyo. Anyamata aja amayala jumbo pakamwa pa chigubu asanatseke, kuti mafuta asatayike panjira. Pothira usiku, mothamanga, kachidutswa kamang'ambika n'kutsetserekera m'thanki.

"Kameneka kamayendayenda m'thankimo," anafotokoza madala akukatambasula pa chikhatho. "Injini ikamakoka dizilo, kamabwera pang'onopang'ono n'kudzamata pakamwa pa paipi. Injini izima, kukoka kutha, iko kamasiya n'kubwerera kukasambira. Ndi mphindi khumi zako zija. Ukanayenda nako mpaka ku Mwanza, ukuima makilomita asanu aliwonse."

Thanki anaitsuka, anaiumitsa pa dzuwa la masana, anaibwezera. Dizilo wakale uja madala anakaniza kuti abwerere m'galimoto ngakhale dontho. Mwini wake anayesa kuchonderera kuti ndi malita ambiri, ndi ndalama.

"Mwanawe, pampu yako yapulumuka lero, koma yalawa kale palafini. Sindikudziwa kuti yadyeka bwanji m'kati. Usaiyesenso. Ndipo ukafika kumene kulibe kuchitira mwina koma chigubu, chisiye chidikhe kaye, uthire kudzera pa nsalu yoyera, zotsalira pansi utaye. Sefa ina ikhale pansi pa mpando. Madzi ukhetse m'mawa uliwonse usananyamuke."

Dzuwa litapendeka galimoto inalira ndi thanki yakeyake, kapaipi koonekera kaja kali mbee, kopanda thovu. Ife tinayesa zatha. Madala anaima chete, mutu uli chopendekera, akumvetsera.

"Pali mmodzi akukoka mwendo."

Anatenga sipanala n'kumasula nati ya nozo yoyamba pang'ono chabe. Injini inagwedezeka, kulira kunasintha. Anamanga. Yachiwiri chimodzimodzi, yachitatu chimodzimodzi. Atamasula yachinayi, kulira sikunasinthe kwenikweni. "Uyu ndiye akudya za anzake osalima." Mnyamata wa ku Dedza anatambasula dzanja kuti akhudze pamene dizilo ankatuluka, madala anamumenya pa mkono.

"Chala ayi! Nozo ya injini iyi imatseguka mphamvu ikapitirira mabaa 100. Dizilo wotero amaboola khungu n'kulowa m'thupi, bala lake limaoneka laling'ono koma anthu adulidwapo zala. Ndipo ndikuuziretu: zimene ndachitazi uzichita pa injini zakale zokha. Za masiku ano za common rail zimafika mabaa 1,600, zina 2,000. Kumeneko nati sumasula injini ikulira."

Nozo ija anaichotsa n'kupita nayo ku shopu ina ya pafupi imene ili ndi chipangizo choyesera, chopopa ndi dzanja. Mnyamata uja atabwerako anatifotokozera ndi manja: nozo yabwino imalira ngati ikukukuta mano ndipo imatulutsa nkhungu, iyi imangotulutsa kamtsinje n'kumadontha pambuyo. Madzi aja ndiwo anaidya nsonga. Anaika nsonga yatsopano, ndi kawashala katsopano ka kopa pansi pake, chifukwa madala anati kakale sikabwerezedwa. Anawonjeza kuti akabwerako ulendo uno manozo onse 6 akayesedwe pamodzi.

Panatsala pempho limodzi. Mwini galimoto anati popeza masipanala ali pomwepo, amuwonjezereko mafuta pa sikuluwu ya pampu, chifukwa galimotoyi ikakhala kuno ku Joni ndi thirela imakhala yaulesi. Madala anakana.

"Si ulesi umenewo, ndi phuma. Mzinda uno uli pamwamba, mamita oposa 1,700 kuchokera pa nyanja yamchere. Mpweya ndi wochepa, ndipo injini yopanda thebo imapuma umene yaupeza. Ukaiwonjezera dizilo popanda mpweya, upeza utsi wakuda ndi kutentha basi, mapeto ake mutu wa injini kung'aluka. Ukatsikira ku Tete, kumunsi kuja, udzaimva yokha ikukoka ngati ng'ombe. Sikuluwu imeneyo aliyense asaigwire."

Pa malipiro panali kukankhana. Bambo wa ku Namwera anatulutsa marandi, madala anatengapo ochepa okha n'kuloza mnyamata wa ku Dedza kuti otsalawo ndi ake, ndiye wagona pansi. Kenako anapempha chinthu chimodzi. Anati ali ndi mlongo wawo ku Ntcheu amene sanamuone zaka zambiri, ndipo kunyumba kuli kathumba ka shuga ndi nsalu ziwiri zimene akhala akusunga. Transipota anati Ntcheu si njira yake, koma akafika ku Balaka akhotera komweko.

Ananyamuka Lamulungu m'bandakucha. Loweruka lotsatira ndinamupeza mayi wa yunifolomu uja pa tebulo la tiyi, akuonetsa anthu foni yake. Pa chithunzipo panali gogo atakhala pa mkeka pakhonde ku Katuli, atafunda bulangete la maluwa ofiira mpaka m'khosi. Katundu anafika Lachinayi madzulo, ndipo galimoto sinazime pena paliponse.